Mbatata yoyera ndi yofiira mkati: mwana timpatse iti?

Lero tikambe za mbatata. Sindikunena kachewere amene timagulitsa ku Ulongwe ndi ku Tete ayi, ndikunena mbatata ya kholowa. Ilipo yoyera mkati, ilinso yofiira ngati dzungu lakupsa.

Yoyera tonse tinakula nayo. Ndi yaufa, imakhutitsa, ndipo ndi tiyi m'mawa imayenda bwino. Agogo ena anandiuza kuti yofiirayo ndi yamadzi, munthu sangalime nayo mpaka dzuwa pamutu. Sindinawatsutse, chifukwa mitundu yoyamba inalidi yofewa. Koma mu 2011 kuno ku Mozambique anatulutsa mitundu 15 yatsopano yopirira chilala, monga Irene, Sumaia ndi Delvia, ndipo ina mwa iyo ndi youma bwino. Mayi Maria Andrade, amene anatsogolera ntchitoyo, analandira mphotho ya World Food Prize mu 2016.

Kusiyana kwakukulu kuli mu vitamini A. Yoyera ilibe, kapena ili ndi pang'ono chabe. Yofiira ili naye wambiri, ndipo kufiirako ndiye chizindikiro chake. Mbatata imodzi yaing'ono, ya magalamu 125, ikukwanira vitamini A wa tsiku lonse kwa mwana wosafika zaka zisanu. Mwana akasowa vitamini ameneyu saona bwino kukada, amapunthwa madzulo anzake akusewera. Chikuku ndi kutsegula m'mimba zimamugwira mwamphamvu, ena mpaka kumwalira.

Ndiye ine ndikuti abambo idyani yoyerayo ngati mwaikonda, koma mwana, mayi woyembekezera ndi woyamwitsa apatsidwe yofiira. Mwana akakwanitsa miyezi 6, iphikeni, muipote, muthiremo nsinjiro ngati futali, kapena kadontho ka mafuta ophikira. Popanda mafuta thupi silitenga bwino vitamini A. Kholowa wake ndi ndiwo, musamusiyire mbuzi. Komanso musaleke kupita kusikelo. Kadontho ka vitamini A kamene amapatsa ana miyezi 6 iliyonse nkofunikabe.

Vuto lathu kuno kumapiri ndi mbewu. Chisanu cha June ndi July chimaotcha mphukira kumunda, mvula ikabwera tilibe chobzala. Mukakumba, sungani mphukira zina kudimba, pamalo pa chinyezi, muzitchingire ziweto. Amene muli nazo kale, gawiraniko mnansi wanu amene ali ndi mwana wamng'ono, ngakhale mtolo umodzi.