Chiuno chikamawawa, musangoti ndi nyamakazi

Mwandiona lero ndabwera ndi ndodo. Zaka zitatu zapitazo ndinkapalasa njinga, thumba la kachewere lili kumbuyo, mpaka kumsika wa Ulongwe. Kenaka ululu unayamba m'mphechepeche n'kumatsikira kubondo. Ine ndimvekere nyamakazi, ena amvekere waponda mankhwala. Ananditema mphini, koma ayi ndithu.

Nditajambulitsa raio X, adokotala anati mutu wa fupa lantchafu, uja umazungulira m'chiunowu, unafa chifukwa magazi analeka kufikako. Zoyambitsa zake n'zingapo: kuthyoka kapena kuguluka m'chiuno, kumwa prednisolone nthawi yaitali, matenda a sikoselo, ndiponso mowa wambiri. Ineyo ndisaname, ndi kachasu.

Mutuwo ukaphwanyika subwereranso mwakale. Chotsala ndi opaleshoni: amauchotsa n'kuikapo wachitsulo. Guia ndili nayo, ndikudikira tsiku, koma ulendo wa kuchipatala chachikulu ukufuna ndalama, ndipo munda chaka chino alima okha amayi akunyumba.

Ndiye ndikupempheni, mukayamba kutsimphina popanda bala, pitani kuchipatala msanga, fupa lisanaphwanyike. Amene mwayamba kale ndodo, igwireni kudzanja la mbali ya mwendo wabwinowo. Mowa, anzanga, ndinausiya mochedwa.