Phunzirani matanga musanagule boti



Petulo wakwera mtengo, choncho ena mwa inu mukufuna boti la matanga m'malo mwa injini. Maganizowo ndi abwino, koma musathamangire kugula. Yambani mwayenda ndi akatswiri kwa chaka chathunthu. Phunzirani kukweza ndi kutsitsa thanga msanga, kugwira chiwongolero ndi kuzindikira mphepo, muli pafupi ndi gombe.

Mwera wa Meyi mpaka Ogasiti sunyengerera wophunzira. Nyanja yathu kuno ndi yakuya, madoko othawirapo ndi ochepa. Mphepo ikawomba thanga mwadzidzidzi, boti limagubuduzika. Nkhafi zisasowe m'botimo.

Boti mutha kugula lina, koma mwana akamira sabwerera.