Wofula Uchi Azisiyako

Mwatipempha kuti pa chikumbutso chino tifotokoze za kuŵeta njuchi, ndipo tiyamba ndi kuulula kulakwa kwathu.

Chaka choyamba tinafula uchi m'mwezi wa Juni, mitengo ya mchenga itatha maluŵa. Tinapita usiku ndi miuni ya udzu monga ankachitira agogo athu, ndipo tinakokolola zisa zonse, za uchi ndi za ana zomwe. Uchiwo tinagulitsa, ndalama za sukulu zinapezeka, ndipo tinasangalala. Koma pofika Ogasiti m'ming'oma monse munali zii. Nyengo yotsatira tinalibe chogulitsa, ndipo mwana wa mnzathu wina anakhala pakhomo teremu yathunthu.

Chifukwa chake tinachidziŵa mochedwa. M'mng'oma muli mfumukazi imodzi yokha, ndipo ndiyo imaikira mazira. Kuti dzira lifike pokhala njuchi yantchito pamapita masiku pafupifupi 21, koma njuchiyo pa nthaŵi ya ntchito yambiri imangokhala ndi moyo milungu ngati 6. Tsono mukachotsa zisa za ana, mwadula mbadwo wotsatira. Mukachotsanso uchi wonse, mwazisiya ndi njala m'nyengo yozizira, ndipo njuchi zathu zakuno zikasoŵa chakudya zimangosamuka.

Lero tinasiya ming'oma ya makungwa, pakuti kusenda khungwa kuzungulira thunthu kumapha mtengo womwewo umene umapatsa njuchi maluŵa. Tikugwiritsa ntchito ming'oma ya matabwa imene inayambira ku Kenya m'zaka za m'ma 1970. Pamwamba pake pamayalidwa timatabwa ta mamilimita 32 m'lifupi, ndipo njuchi zimamanga chisa chimodzi pa kathabwa kalikonse. Motero timatha kunyamula chisa, kuchiyang'ana ndi kuchibwezera osachiphwanya.

Ntchito yathu imayenda ndi nyengo. M'Juni ndi Julayi sititsegulatsegula ming'oma. M'Ogasiti timalambula mozungulira kuopa moto wolusa, ndipo timaika madzi m'mbale yokhala ndi timiyala kuti njuchi zisamire pomwa. Mombo ukachita maluŵa cha m'Seputembala ndi Okutobala, njuchi zimachuluka, ndipo timafula cha m'Novembala. M'dzinja timapaka girisi pa mawaya opachikira ming'oma kuti linthumbu lisaloŵe. Mawayawo amavutitsanso chiuli, chifukwa mng'oma umangolendeŵera. Pofula timapemerera utsi wozizira, osati moto, ndipo timatenga zisa zomatidwa ndi phula zokha. Zisa za ana ndi zina za uchi timasiya.

Chimene chinatidabwitsa koposa n'chakuti mfumukazi ingathe kuleredwa. Mng'oma ukadzaza pa nthaŵi ya maluŵa, timatengako zisa zingapo zokhala ndi mazira ndi timphutsi tating'ono, pamodzi ndi njuchi zili pomwepo ndi chisa cha uchi, n'kuziika m'mng'oma wopanda kanthu. Njuchi zikazindikira kuti zilibe mayi, zimasankha timphutsi tina, n'kutimangira zipinda zazikulu zonga makoko a mtedza, ndi kutidyetsa chakudya chapadera choyera ngati mkaka. Pa masiku pafupifupi 16 kuchokera pa dzira, mfumukazi yatsopano imatuluka. Pamenepa mpamene ambiri amalakwitsa pofuna kusuzumira tsiku ndi tsiku. Ife timadikira mwezi wathunthu, kuti iuluke kukakumana ndi njuchi zamphongo ndi kuyamba kuikira. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amayi anzathu, amene mukufuna kuyamba, yambani ndi mng'oma umodzi kapena iŵiri, ndipo muiike kutali ndi njira, khola ndi poseŵerera ana. Tsiku lofula likafika mtima udzafuna zonse, monga unachitira wathu. Mudzakumbukire mwana uja anakhala pakhomo, ndipo mudzasiyeko.