Kodi Filimu Imasintha Panjira?

Pa msika wa Kandeu m'boma la Ntcheu, monganso pa misika ina ya m'midzi, anthu ambiri anadziŵira mafilimu m'tinyumba ta vidiyo, osati m'holo za kanema za m'tauni. Tsono pamabuka mtsutso pakati pa mkulu amene anaonera filimu ku Apollo mu Blantyre kalekale ndi mnyamata amene anaiona pa tepi. Wina amati chakutichakuti chinalimo, mnzake namakana. Kaŵirikaŵiri onse aŵiri amakhala akunena zoona, pakuti filimu imasintha panjira.

Kusintha kwina kunkachitikira m'Malaŵi momwe muno. Lamulo la m'chaka cha 1968 linakhazikitsa bungwe la Censorship Board, limene linkayamba laona filimu isanaonetsedwe kwa anthu. M'nthaŵi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, mbali zoonetsa anthu akupsompsonana zinkadulidwa. Koma tepi yoloŵa m'dziko m'chikwama cha wapaulendo inkatha kuzemba lumolo, motero woonera panyumba ankaona zimene wa m'holo anamanidwa.

Kusintha kwina kumadza ndi makina. Filimu ya m'holo imathamanga zithunzi 24 pa sekondi, pamene matepi a mtundu wa PAL, amene anafala kuno, ankathamanga zithunzi 25. Kaamba ka ichi, filimu ya mphindi 120 inkatha pa mphindi 115, ndipo mawu a oseŵera ankamveka okwererako pang'ono. Ndiponso chinsalu cha m'holo n'chotambalala, koma galasi la wailesi yakanema yakale linali lopapatiza. Pofuna kulidzaza, opanga matepi ankadula m'mbali, mwakuti mafilimu ena ankataya pafupifupi theka la chithunzi. Anthu aŵiri okambirana ankasanduka munthu mmodzi wolankhula ndi mphepo.

Eni mafilimu nawonso amasintha ntchito zawo. Mu Star Wars ya 1977, Han Solo anawombera mdani wake Greedo asanaputidwe ndi chipolopolo. Mu 1997 George Lucas anakonza kuti Greedo ndiye ayambe kuwombera, ndipo pa DVD ya 2004 mfuti ziŵirizo zinalira pafupifupi nthaŵi imodzi. Kusinthaku sikukwana masekondi aŵiri, komabe kunasandutsa munthu woopsa kukhala wongodziteteza. Steven Spielberg naye mu 2002 anafufuta mfuti m'manja mwa apolisi mu E.T. ya 1982 naikamo timawailesi tolankhulirana. Pambuyo pake ananena poyera kuti analakwa, ndipo mu 2012 filimuyo inatulukanso mfuti zili m'malo mwake.

Masiku ano achinyamata a m'Malaŵi amaika mawu a Chicheŵa pamwamba pa mafilimu akunja, nawonjezamo nthabwala zawo. Ntchitoyi yathandiza ambiri osamva Chingerezi kutsata nkhani, koma mwana woonera angaganize kuti woseŵera wa ku Hong Kong ananenadi mawu amenewo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woonera wanzeru amafunsa kuti filimu yadzera m'manja mwa yani isanamufike: a boma, a makina, mwini wake, kapena womasulira. Kukonza filimu si mlandu ayi. Mlandu umakhalapo pamene yoyambayo yabisidwa, chifukwa zikatero mkulu wokumbukira bwino amasanduka wabodza pamaso pa adzukulu ake, popanda mboni yomuikira kumbuyo.