Mayi Margaret Busby ndi Mabuku a Akazi Akuda

(Mawu amene analankhulidwa pa wailesi, pa nthawi ya nkhani za mabuku)

Ambiri a ife tikagwira buku timangoyang'ana dzina la mlembi, ndipo sitisamala kadzina kena kaja kolembedwa m'munsi mwa chikuto, ka anthu amene analisindikiza. Komatu mlembi, ngakhale alembe bwino chotani, mawu ake amangokhala m'bokosi kufikira atapezeka munthu wolola kutayapo ndalama zake kuti asindikizidwe. Lero ndifuna kukuuzani za mmodzi wa anthu otere, Mayi Margaret Busby.

Mayi ameneyu anabadwira ku Accra m'chaka cha 1944, dziko la Ghana likutchedwabe Gold Coast. Bambo awo anali dokotala wochokera ku zisumbu za West Indies, amene anadzakhazikika mu Africa. Akali aang'ono ndithu anatumizidwa ku sukulu ku England, ndipo atakula analowa Bedford College, ya m'Yunivesite ya London, kumene anaphunzira Chingerezi ndi mabuku ake. Kumeneko analikulemba ndakatulo zawozawo, namayang'aniranso magazini ya ophunzira anzawo. M'masiku omwewo anakomana ndi mnyamata wina wachizungu, Clive Allison, wokondanso ndakatulo, ndipo awiriwo anapangana kuti akatha sukulu adzayambe kusindikiza mabuku.

Pangano lija linachitikadi m'chaka cha 1967, pamene anatsegula kampani ya Allison & Busby. Ndalama analibe zambiri ayi. Anayamba ndi timabuku titatu ta ndakatulo, ta masheleni 5 kamodzi, ndipo onse awiri anali pa ntchito kwina, namachita za kampaniyo akaweruka. Motero Mayi Busby anakhala mkazi wakuda woyamba kukhala ndi nyumba yosindikiza mabuku m'dziko la Britain, asanakwane ndi zaka 25 zomwe.

Kuti mumvetse kukula kwa chinthu chimenechi, taonani m'mene zinaliri masiku amenewo. Kampani ya Heinemann inayamba kutulutsa mabuku a alembi a mu Africa m'chaka cha 1962, mu mndandanda wotchedwa African Writers Series, umene ambiri a inu munauwerenga ku sukulu. Mabuku 25 oyamba a mndandandawo, onse anali a amuna. Buku la nambala 26, Efuru, la Mayi Flora Nwapa wa ku Nigeria, lotuluka mu 1966, ndilo linali loyamba la munthu wamkazi. Kodi tinene kuti akazi analibe nkhani? Iyayi. Amene amasonkhanitsa ana madzulo kuwauza nthano ndani, ngati si agogo aakazi? Chimene chinalikusowa ndicho anthu owakhulupirira pakati pa eni makina osindikizira.

Tsono ndinene za Mayi Buchi Emecheta, pakuti mbiri yawo ionetsa bwino ntchito ya wosindikiza. Iwo anachoka ku Lagos kutsata amuna awo amene analikuphunzira ku London. Pofika zaka 22 anali ndi ana 5, ndipo ukwati unali wowawa. Atalemba buku lawo loyamba, amuna awo anatenga mapepala onse nawatentha. Mayiwo anachoka pa banjapo, nalera anawo okha, usana akugwira ntchito, usiku akuphunzira, m'mamawa akulemba. Buku lawo loyamba kutuluka linasindikizidwa ndi kampani ina mu 1972, koma amene anawagwira dzanja zaka zotsatira ndi a Allison & Busby. Iwowa anatulutsa Second-Class Citizen mu 1974, ndipo mu 1976 anatulutsa The Bride Price, ndiyo nkhani yomwe ija inapsa pa moto, imene mwini wake anachita kuilembanso. Mu 1979 kunatuluka The Joys of Motherhood, nkhani ya Nnu Ego, mkazi amene anadzimana zonse chifukwa cha ana ake, nafera yekha m'mbali mwa msewu, popanda mwana ndi mmodzi yemwe womugwira dzanja. Ine ndiyesa kuti mwa mabuku onse a kampani imeneyi, ili ndilo loyenera kuyamba nalo, makamaka ife abambo.

Musaganize kuti Mayi Busby anasindikiza akazi okhaokha. Buku loyamba la nthano yaitali limene anatulutsa, mu 1969, linali la Sam Greenlee, munthu wakuda wa ku America, limene osindikiza ena ambiri anali atalikana. Anabwezanso m'masitolo mabuku a C. L. R. James, mnzawo wa bambo awo kuyambira ku sukulu ku Trinidad. Anagwira ntchito imeneyi zaka 20, kufikira kampaniyo inagulidwa ndi ina mu 1987.

Atachoka kumeneko ndi pamene anachita ntchito imene adziwika nayo koposa. M'zaka zimenezo anthu owerenga anali atayamba kudziwa mayina a Toni Morrison, Alice Walker ndi Maya Angelou, koma ambiri anayesa kuti akazi akuda angoyamba kumene kulemba. Mayi Busby anafufuza m'nyumba zosungira mabuku ndi m'mashelefu awo omwe, ndipo mu 1992 anatulutsa Daughters of Africa, kunena kuti ana aakazi a Africa. Ndi chibuku cha masamba oposa 1,000, ndipo muli mawu a akazi oposa 200: a mu Africa muno, a ku America, a ku West Indies ndi a ku Ulaya. Chiyambira pa nyimbo zamakolo zimene eni ake sadziwika ndi pa mawu a mafumu aakazi a makedzana monga Hatshepsut wa ku Egypt, nichifika kwa alembi amene anali moyo pa nthawiyo.

Mmodzi wa akazi a m'menemo ndiye Phillis Wheatley, amene anagwidwa ukapolo kumadzulo kwa Africa akali kamwana, nagulitsidwa ku Boston mu 1761. Buku lake la ndakatulo linasindikizidwa ku London mu 1773, ndipo kumayambiriro kwake anaikako kalata ya akuluakulu a mu Boston yochitira umboni kuti mtsikanayo analembadi yekha, pakuti anthu sakadakhulupirira. Dandaulo langa pa chibukuchi ndi limodzi lokha: chonse chili m'Chingerezi, kotero zolembedwa m'zinenero zina zinalowamo pokhapokha zitamasuliridwa.

Patapita zaka 27, mu 2019, anatulutsa china, New Daughters of Africa, cha akazi enanso oposa 200 amene sanali m'buku loyamba lija, ambiri a iwo achitsikana. Apa panachitika chinthu chachilendo. Alembiwo anagwirizana kusalandira malipiro awo, ndipo chifukwa cha kudzimana kumeneko panakhazikitsidwa thandizo la mapaundi 20,000 lolipirira mkazi wakuda wokhala mu Africa kukaphunzira ku SOAS, sukulu ya m'Yunivesite ya London. Woyamba kulilandira, mu 2020, anali Idza Luhumyo wa ku Kenya, ndipo mu 2022 iye yemweyo anapata mphotho ya Caine, imene imaperekedwa chaka ndi chaka kwa mlembi wa mu Africa wa nthano yaifupi yopambana.