Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano wa Pachaka wa Sosaiti ya Maliro ku Epworth



Kuno ku Overspill kapena ku Domboramwari, munthu akati "sekyuliti" timaona mlonda wa yunifolomu ndi ndodo yake pageti la fakitale ku Msasa. Ambiri a ife tinaleredwa ndi ndalama za ntchito imeneyi, ndipo sitichita nayo manyazi. Koma mawuwa sanayambire pageti. Angerezi anawatola ku Chilatini, chilankhulo cha Aroma akale, ku mawu akuti securus: se ndiye kuti "popanda", cura ndiye "nkhawa". Mwini wake wa mawuwa ndi munthu wogona tulo mtima uli m'malo. Inshuwalansi nayonso inaphuka pamuzu womwewo, itadzera ku Chifalansa. Kubanki akatchula mawuwa amanena chikole, ndipo bungwe la penshoni la NSSA lomwe limadula malipiro athu lili nawo m'dzina lake.

Tsono ndifunse: ife ana ndi adzukulu a obwera kuchokera ku Malawi, ku Tete ndi ku Chipata, tinagonapo liti opanda nkhawa?

Mu 2001 lamulo la unzika la Zimbabwe litasinthidwa, anthu obadwira konkuno anauzidwa kuti akane unzika wa dziko limene sanalipondepo n'komwe. Mu 2005 ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina inagwetsa nyumba ndi timisika, ana n'kumagona panja m'nyengo yozizira. Mu 2008 ndalama zinasanduka mapepala. Miyala yathu yosanjikizana ya ku Chiremba inali pandalamazo, koma thumba lodzaza silinkagula buledi. Amene anapereka inshuwalansi ndi penshoni moyo wawo wonse anatuluka chimanjamanja. M'masiku amenewo amene ankanyamula maliro anali masosaiti ngati ino: wina kapu ya ufa, wina nkhuni, wina fosholo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo inu munasenza.

Komabe ndinene mosapsatira, a Wapampando. Sosaiti imatisamala tsiku loikidwa m'manda. Nanga mwana wamoyo amene alibe satifiketi ya kubadwa? Ameneyo amavutika polembetsa mayeso, sapeza chitupa, sagula layini ya foni m'dzina lake, ndipo mwana amene adzabereke adzalowa m'vuto lomwelo.

Khomo lilipo. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko a 2013 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala konkuno, ndi nzika mwa kubadwa. Ambiri a ife tikusungabe zitupa zakale zotitcha alendo, mwina poopa mzere, mwina poopa mafunso. Za malo n'chimodzimodzi. Epworth inali famu ya mpingo wa Methodist, ndipo ambiri tinangomanga popanda pepala. Mu 2023 boma linayambira kuno kupereka zikalata za umwini wa malo, koma chikalata chotere sachilemba m'dzina la munthu wopanda chitupa.

Pempho langa ndi ili. Komiti isankhe anthu oyenda khomo ndi khomo, alembe membala aliyense ndi mwana aliyense wopanda mapepala. Pa zopereka za mwezi ndi mwezi, patulani kangachepe ka kombi ndi mafotokope, ndipo achinyamata odziwa kuwerenga aziperekeza agogo ku ofesi ya kalembera. Ntchitoyi iyambe mwezi uno.