MABUKU A NKHANI ZOOPSA: TIWAYESE BWANJI?

 Madzulo ano ticeza za mabuku a nkhani zoopsa ndi zodabwitsa.

Nkhani zotere sitinaziphunzire kusukulu ai. Agogo athu anatiuza kale za afiti okwera afisi ndi ouluka m'licero, ife thupi likucita tsembwe. Koma agogo anali ndi mdima ndi mau ao kuwathandiza, pamene wolemba buku ali ndi pepala lokha. Cotero pomuyesa ine ndifunsa kuti, kodi mantha a m'buku lace acokera kuti?

Tengani buku la Namwali Serpell, mai wobadwira m'Lusaka mu 1980, lochedwa The Old Drift. Linatuluka mu 2019, ndipo mu 2020 linalandira mphotho ya Arthur C. Clarke. Zambiri za m'menemo zicitikira m'Kalingalinga mwathu momwemu. Muli Sibilla, mkazi wa ku Italy womera tsitsi thupi lonse. Muli Matha, amene paubwana anali m'gulu la a Edward Nkoloso, aja analonjeza mu 1964 kutumiza anthu kumwezi. Iyeyu m'bukumo alira zaka zambiri misozi yosaphwa. Ngakhale udzudzu ulankhula, nutiseka ife anthu.

Kunena zoona, tsitsi la Sibilla lidabwitsa koma siliopsa, ndipo udzudzu uja nthawi zina ucurutsa nzeru za Cingerezi kufikira wowerenga atopa. Cimene cinandigwira mtima ciri kumapeto. Jacob, mnyamata wa m'komboni, apanga timakina touluka tonga udzudzu, koma pambuyo pace timakina tomweto tigwera khamu la anthu ndi kuwabaya katemera wosayesedwa bwino, popanda kuwafunsa.

Apa akuluakulu adzakumbukila banyama. Masiku a Federation, imene inayamba mu 1953, mbiri inawanda m'makomboni ndi ku Migodi yakuti pali anthu ogwira anzao usiku ndi kuwakhetsa mwazi kuti akagulitse kwa Azungu. Ngakhale aulutsi a wailesi ya ku Lusaka, amene nchito yao ife tinalowa, ananenedwa kuti ndi banyama. Peter Fraenkel analemba zimenezi m'buku lace Wayaleshi mu 1959. Banyama kunalibe, koma anthu sanali opusa. Anali kuona zinthu zazikuru zikucitidwa pa iwo, pa dziko lao ndi pa matupi ao, popanda wowafunsa, tsono mantha aja anawapatsa dzina. Mai Serpell atenga mantha omwewo nawatembenuza: kale singano inali yocotsa mwazi, tsopano ndi yothira kanthu m'mwazimo. Munthu amene anaimapo pa mzere wa ku cipatala osauzidwa cimene am'baya adzazindikira msanga.

Dandaulo langa ndi ili, kuti bukuli lipitirira masamba 500, m'Cingerezi cakuya, ndipo amai ambiri a m'Kalingalinga amene ali ngati Matha sangathe kuliwerenga. Amene muli ndi ana a sukulu, apempheni akuwerengereni pang'onopang'ono ndi kumasulira. Ofuna kuyamba ndi yaifupi afune nkhani yace The Sack, imene inapata mphotho ya Caine mu 2015. Ndi ya amuna awiri ndi thumba, ndipo zimene ziri m'thumbamo sindikuuzani.

Gonani bwino nonse.